Wakuba akalowa m'makompyuta a kampani, amapezamo chiyani?

Munthu akamatsegula akaunti pa sitolo ya pa intaneti, ku banki kapena pa app yotumizira ndalama, amasiya zinthu zingapo m'manja mwa kampani: dzina, nambala ya foni, imelo, pasiwedi, nthawi zina nambala ya chiphaso cha unzika, chithunzi cha nkhope ndi nambala ya khadi la ku banki. Akangodina batani, zinthuzi zimadutsa pa netiweki ya foni, zimalowa m'maseva (makompyuta akuluakulu a kampani), zimakoperedwa m'ma backup (makope osungidwa padera), zimaonedwa ndi ogwira ntchito, ndipo zina zimapita kumakampani ena amene mwiniwake sanawamvepo n'komwe. Paliponse pamene zadutsa pali chitetezo chake, komanso pali pamene chitetezocho chimaphonya. Akatswiri a ntchitoyi amakonza zinthu akudziwa kuti tsiku lina wakuba adzalowa ndithu. Chimene chimawasowetsa tulo n'chakuti akadzalowa adzapezamo chiyani choti n'kuwerenga, adzafika patali bwanji, ndipo padzapita masiku angati asanaoneke.

Panjira

Gawo losavuta ndi la panjira. Adiresi ya webusaiti ikayamba ndi https, ndiye kuti foni yanu ndi seva ya kampani zikulankhulana kudzera mu TLS, njira yobisira zimene zikudutsa pa netiweki. Seva imayamba yaonetsa satifiketi yotsimikizira kuti ndi ya adiresi imeneyo, kenako ziwirizi zimapangana kiyi wogwira ntchito ulendo umenewo wokha, n'kusokoneza naye zonse zimene mukutumiza. Munthu amene muli naye pa WiFi imodzi angaone kuti mwalumikizana ndi webusaiti yakuti, koma zimene mukulembamo sangaziwerenge. Masiku ano zimenezi sizilira ndalama, popeza bungwe la Let's Encrypt limapereka masatifiketi kwaulere. Pa chifukwa chomwecho, https si umboni woti webusaiti ndi yokhulupirika. Mawebusaiti a akathyali nawonso ali nayo.

Ndiponso TLS siithandiza ngati tsamba lenilenilo lalowedwa. Mu 2018 akuba analowa m'makompyuta a British Airways n'kusintha kachidutswa ka pulogalamu ya JavaScript komwe kankagwira ntchito pa tsamba lolipirira. Kasitomala akalemba nambala ya khadi, tikiti inkagulika bwinobwino, koma kope la zonse zimene walemba linkapita ku seva ya akubawo, yomwe anaipatsa dzina lofananirako, baways.com. Anthu opitirira 400,000 anakhudzidwa, ndipo mu 2020 ofesi ya Information Commissioner ku Britain inalipiritsa kampaniyo mapaundi 20 miliyoni. N'chifukwa chake masitolo ambiri amakutumizani ku tsamba la kampani ina yoona zolipira ikafika nthawi yolemba khadi, kuti nambalayo isadutse n'komwe m'maseva awo.

Pasiwedi

Kampani yodziwa ntchito siisunga pasiwedi yanu. Imasunga hash yake. Hash imapangidwa ndi masamu amene amasandutsa mawu aliwonse kukhala mzere wa zilembo ndi manambala, ndipo masamuwa sabwerera m'mbuyo. Zili ngati kuchigayo: chimanga chikasanduka ufa simungachibwezenso kukhala njere. Mukamalowa mu akaunti, seva imachita masamu omwewo pa zimene mwalemba, n'kuyerekeza ndi hash imene inasungidwa tsiku lomwe munalembetsa. Zikafanana imakutsegulirani. Ichi n'chifukwa chake mukaiwala pasiwedi amakutumizirani linki yopangira ina. Kampani imene ingathe kukutumizirani pasiwedi yanu yakale pa imelo yadziulula yokha kuti imaisunga mosayenera.

Koma hash payokha siikwanira. Wakuba akatenga database, nkhokwe yosungiramo zonse za makasitomala, safunika kubweza masamu aja. Amangotenga mndandanda wa mapasiwedi amene anthu amakonda, monga 123456, mayina a ana, matimu a mpira ndi zaka zobadwa, n'kumapanga hash ya iliyonse mpaka ina ifanane ndi zimene wabazo. Pa njira zakale monga MD5 ndi SHA-1, GPU imodzi, chipangizo chija anyamata amagulira magemu a pakompyuta, imayesa mapasiwedi mabiliyoni pa sekondi.

Pofuna kutseka mpata umenewu pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba ndi salt: manambala achisawawa, kawirikawiri ma byte 16, osiyana kwa kasitomala aliyense, amene amaphatikizidwa ku pasiwedi hash isanapangidwe. Salt si chinsinsi, imasungidwa pambali pa hash pomwepo. Ntchito yake n'kuchititsa kuti anthu awiri amene asankha pasiwedi yofanana akhale ndi hash zosiyana, kuti wakuba alimbane ndi akaunti iliyonse payokha m'malo mothyola anthu mamiliyoni nthawi imodzi. Chachiwiri n'kugwiritsa ntchito njira zochedwa mwadala, monga bcrypt, scrypt kapena Argon2, yomwe inapambana mpikisano wa akatswiri mu 2015. Injiniya amaichuna kuti hash imodzi izitenga mwina kotala ya sekondi. Inu polowa simuzindikira kanthu, koma wakuba uja amatsika kuchoka pa mabiliyoni kufika pa masauzande ochepa pa sekondi. Argon2 imadyanso memory yambiri dala, zomwe zimavutitsa ma GPU.

Makampani akuluakulu omwe agwapo pamenepa. Mu 2012 LinkedIn inabedwa mapasiwedi a SHA-1 opanda salt. Poyamba anaoneka 6.5 miliyoni, koma mu 2016 pamsika wa akuba panatuluka maakaunti pafupifupi 117 miliyoni a kuba komweko. Nkhani ya Adobe mu 2013 ndiyo yophunzitsa kwambiri. Iwo sanapange hash, anangobisa mapasiwedi onse ndi kiyi mmodzi, m'njira yoti pasiwedi yofanana inkatulutsa zilembo zofanana. Pambali pake panali mawu okumbutsa pasiwedi amene makasitomala analemba okha, osabisidwa. Munthu ankangosonkhanitsa anthu onse a zilembo zofanana, n'kuwerenga zokumbutsa zawo, yankho n'kumaonekeratu popanda kuthyola kiyi aliyense. Meta, mwini wake wa Facebook, nayo inavomera mu 2019 kuti mapasiwedi a anthu mamiliyoni mazanamazana anasungidwa osabisika m'makompyuta ake amkati, ndipo mu 2024 akuluakulu oona za zinsinsi ku Ireland anailipiritsa mayuro 91 miliyoni. Vuto la mtundu umenewu limabwera mosavuta: database ili bwinobwino, koma pulogalamu ina ikulemba m'ma log, kaundula wa zochitika m'kompyuta, chilichonse chimene kasitomala watumiza, pasiwedi yomwe.

Mapasiwedi obedwa kwina amayesedwanso kwina, chifukwa anthu ambiri ali ndi pasiwedi imodzi paliponse. Makampani amathana nazo pochepetsa maulendo amene munthu angayese pa mphindi, pokayikira chipangizo chachilendo kapena dziko lachilendo, komanso pokana pasiwedi imene inabedwapo kale. Ambiri amafunsa kwa Have I Been Pwned, webusaiti imene Troy Hunt anayambitsa mu 2013. Kafunsidwe kake n'kanzeru: kampani imatumiza zilembo 5 zoyambirira za hash basi, imalandira mndandanda wa hash zonse zoyamba ndi zilembo zimenezo, n'kudzifufuzira yokha. Pasiwedi yeniyeniyo siichoka pakhomo.

Loko wachiwiri

Pamwamba pa pasiwedi pamaikidwa loko wachiwiri. Nambala ya kamodzi yobwera pa SMS ndi yabwino kuposa kukhala opanda kanthu, koma ndiyo yofooka pa zonse. Wakuba akanyengerera kapena kupatsa kangachepe munthu wosintha ma SIM, nambala yanu imasamukira ku foni yake, mauthenga onse n'kumafikira iye. Kwa ife amene ndalama zimakhala pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ya foni ndiyo akaunti imene, ndiye foni ikangotaya netiweki mwadzidzidzi ena oyandikana nanu ali nayo, musadikire mawa. Mabanki ena amafunsa kaye kampani ya foni ngati SIM yasinthidwa posachedwa, ndipo akapeza choncho amaimitsa kutumiza ndalama kwa kanthawi.

App yopanga manambala 6 osintha masekondi 30 aliwonse siidalira SIM, koma munthu akhoza kupusitsidwa n'kulemba nambalayo pa tsamba labodza. Chimene chimatseka mpata umenewu ndi kiyi wachitsulo wolowetsa pa USB, kapena passkey, kiyi wobisika wosungidwa mufoni, chifukwa zimenezi zimamangidwa ku adiresi yeniyeni ya webusaiti ndipo pa tsamba lonamizira sizigwira ntchito, ngakhale mwiniwake atapusitsika. Google inanena mu 2018 kuti kuchokera pamene inapatsa makiyi otere antchito ake opitirira 85,000 mu 2017, panalibe akaunti ya pantchito imene inatsimikizika kuti yabedwa. Mbali inayi, Change Healthcare, kampani ya ku America yoona malipiro a zachipatala, inalowedwa mu February 2024 kudzera pa khomo limodzi la antchito lomwe linalibe loko wachiwiri, ndipo anthu pafupifupi 190 miliyoni anakhudzidwa.

Zosungidwa, ndi amene akusunga kiyi

Makampani amakonda kulemba kuti zinsinsi zanu zimabisidwa ndi njira yotchedwa AES-256. N'zoona kuti AES-256 palibe angaithyole poyesa makiyi onse. Koma mawu amenewa paokha sanena zambiri. Ngati chobisidwa ndi diski yonse, chitetezocho chimathandiza munthu akaba diskiyo kapena laputopu. Seva ikayaka, diski imatseguka, ndipo wakuba wolowa kudzera mu pulogalamu ya kampani amawerenga zonse ngati mmene pulogalamuyo imawerengera.

Chitetezo chenicheni chili pa kubisa zinthu zoopsa pazokha, monga nambala ya pasipoti kapena ya chiphaso, kiyi wake n'kumusunga kwina. Kawirikawiri kiyi wobisira zinthuzo amatsekeredwanso ndi kiyi wamkulu, yemwe amakhala m'kabokosi kapadera kotchedwa HSM kapena mu ntchito yosunga makiyi ya Amazon, Google kapena Microsoft. Kiyi wamkuluyo satuluka. Pulogalamu imachita kupempha kuti aitsegulire, ndipo pempho lililonse limalembedwa. Cholakwika chofala n'kusiya kiyi mufayilo pa seva yomweyo, kapena kumulemba mu code imene mainjiniya onse amaiona. Marriott itapeza mu 2018 kuti akuba anali m'makompyuta a mahotela a Starwood, amene inawagula, kuyambira 2014, zinadziwika kuti manambala a pasipoti pafupifupi 20 miliyoni anali obisidwa, koma ena opitirira 5 miliyoni anali poyera. Kampani imodzi, chinthu chimodzi, kasungidwe kuwiri.

Makadi a ku banki ali ndi malamulo awoawo otchedwa PCI DSS, amene Visa, Mastercard, American Express, Discover ndi JCB anagwirizana. Manambala atatu a kumbuyo kwa khadi saloledwa kusungidwa malipiro akavomerezedwa, ngakhale atabisidwa. Sitolo imene imakumbukira khadi lanu nthawi zambiri imasunga token, nambala yoimira khadi imene imagwira ntchito pa sitolo yomweyo basi, pamodzi ndi manambala 4 omaliza oti muzizindikirira khadi lanu.

Masiku 76 a ku Equifax

Nkhani ya Equifax, kampani ya ku America yosunga mbiri ya ngongole za anthu, imaonetsa mmene tizinthu ting'onoting'ono timaunjikirana. Pa 7 March 2017 panalengezedwa bowo mu Apache Struts, pulogalamu imene mawebusaiti ambiri amamangira, ndipo chigamba chake, kapulogalamu kotsekera bowolo, chinatuluka. Patapita masiku awiri, Equifax inatumiza imelo kwa antchito ake kuti amate chigambacho m'maola 48. Pa webusaiti imodzi, yolandirira madandaulo a makasitomala, palibe anamata. Anayendetsa pulogalamu yofufuza mabowo, koma siinaione.

Akuba analowa pa 13 May. Ali mkati anapeza fayilo yokhala ndi mayina ndi mapasiwedi osabisidwa, ndipo popeza netiweki sinali yogawidwa zipinda, anafika nawo ku ma database 48 ngakhale webusaiti ija inkafunika ochepa chabe. Anafunsa ma database amenewo pafupifupi maulendo 9,000, n'kumatulutsa zinthu pang'onopang'ono. Kampaniyo inali ndi chipangizo choyang'ana zotuluka mu netiweki, koma satifiketi yake inali itatha miyezi yambiri m'mbuyomo, choncho sichinkaona zodutsa zobisidwa. Pa 29 July munthu anaikamo satifiketi yatsopano, ndipo nthawi yomweyo zachilendo zinaonekera. Anthu anauzidwa pa 7 September. Okhudzidwa anali pafupifupi 147 miliyoni, ndipo mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira mpaka madola 700 miliyoni.

Palibe apa pamene panafunika nzeru zakuya. Panafunika kaundula wolondola wa maseva onse ndi zimene zikuyenda pa iliyonse, munthu wodziwika dzina wotsimikizira kuti chigamba chamatidwa, makoma pakati pa zigawo za netiweki, ndi kalendala ya masatifiketi. Ntchito yoteteza zinsinsi yambiri ndi yotopetsa chonchi, n'chifukwa chake imasiyidwa.

Anthu amkati ndi ogwira nawo ntchito

Wolandira mafoni a makasitomala safunika kuona nambala yonse ya chiphaso chanu. Pa sikirini yake payenera kuoneka manambala ochepa omaliza, ndipo akatsegula akaunti ya munthu amene sanaimbe foni, zilembedwe, wina adzafunse. Wantchito akasintha dipatimenti, zilolezo zakale zichotsedwe, ndipo akasiya ntchito akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo. Mainjiniya poyesa pulogalamu yatsopano asagwiritse ntchito mayina enieni a makasitomala, chifukwa maseva oyesera ndi amene satetezedwa mokwanira.

Wakuba wochenjera amadziwa kuti munthu amatseguka msanga kuposa kompyuta. Mu July 2020 anyamata anaimbira foni antchito a Twitter akudziyesa a dipatimenti ya makompyuta, n'kufika pa zida zamkati zoyendetsera maakaunti. Analunjika maakaunti 130, kuphatikizapo a Barack Obama ndi Elon Musk. Chaka chomwecho ku South Africa, Experian, kampani yosunga mbiri ya ngongole, inapereka mbiri ya anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu amene ananamizira kuti ndi kasitomala wawo wovomerezeka. Panalibe kuthyola seva. Anangopempha, n'kupatsidwa. Ndipo ku Target, kampani ya masitolo ya ku America, mu 2013 akuba analowa ndi pasiwedi ya kampani yokonza mafiriji ndi zoziziritsa mpweya, mpaka kufika pa makina olipirira m'masitolo n'kutenga makadi pafupifupi 40 miliyoni. Choncho wogwira naye ntchito aliyense amafunika mgwirizano wolembedwa, khomo lakelake lokhala ndi loko wachiwiri, ndi malire a kumene angafike.

Kusatenga, ndi kufufuta

Pa njira zonse, yotchipa kwambiri n'kusasunga zimene simukufuna. Sitolo yogulitsa nsapato ilibe chifukwa chofunsira tsiku lobadwa. Kampani imene yaona chiphaso kuti itsimikize munthu ingathe kulemba kuti chaonedwa pa tsiku lakuti, chithunzicho n'kuchifufuta, pokhapokha lamulo litanena kuti chisungidwe. A zamalonda m'makampani amakana zimenezi poganiza kuti mwina zidzagwira ntchito mtsogolo, ndipo nthawi zambiri amene amadzazigwiritsa ntchito ndi wakuba.

Kufufuta nakonso kuli ndi zake. Mukatseka akaunti, dzina lanu limakhalabe m'ma backup mpaka nthawi yawo itakwana, komanso kwa makampani ena amene anapatsidwa kope. Madiski akale amafunika kupukutidwa kapena kuphwanyidwa, ndi chikalata chotsimikizira. Banki ya ku America ya Morgan Stanley inapereka ntchito yotaya madiski kwa kampani yonyamula katundu yosadziwa za ntchitoyi, zipangizozo zinakagulitsidwa pa intaneti zinsinsi zili momwemo, ndipo mu 2022 bungwe la boma la SEC, loyang'anira misika ya masheya, linailipiritsa madola 35 miliyoni. Kungochotsa mayina pa mndandanda nakonso sikubisa munthu. Latanya Sweeney anawerengera kuti anthu 87 pa 100 alionse ku America angazindikirike ndi zinthu zitatu zokha: nambala ya dera la positi, tsiku lobadwa, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Lamulo, ndi tsiku limene zavuta

Lamulo la GDPR la mayiko a European Union linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018. Limalamula kampani kudziwitsa akuluakulu oyang'anira m'maola 72 ikazindikira kuti zinsinsi zabedwa, ndipo chindapusa chingafike mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka padziko lonse, kutengera chachikulu. South Africa ili ndi POPIA, imene inayamba kulondolozedwa mokwanira pa 1 July 2021. Zambia inakhazikitsa Data Protection Act mu 2021, ndipo ya Malawi inayamba kugwira ntchito mu 2024, bungwe la MACRA n'kupatsidwa udindo woyang'anira. Malamulo amenewa amapatsa munthu ufulu wofunsa kampani zimene ikusunga zokhudza iye ndi kuuza kuti zolakwika zikonzedwe.

Maola 72 ndi ochepa kwa kampani imene sinakonzekere. Yokonzekera imakhala ndi ndondomeko yolembedwa, yosindikizidwanso papepala popeza makompyuta angakhale atatsekedwa. Seva yolowedwa imachotsedwa pa netiweki koma siizimitsidwa kapena kupukutidwa msanga, chifukwa umboni wina uli mu memory ndipo umatha magetsi akathima. Ma log amakoperedwa kwina. Makiyi ndi mapasiwedi a antchito amasinthidwa, komanso onse amene analowa kale amatulutsidwa, pakuti kusintha pasiwedi kokha sikuthamangitsa wakuba amene ali kale mkati. Backup imayesedwa isanabwezeretsedwe, ndipo imodzi iyenera kukhala yosalumikizidwa ku netiweki, chifukwa akuba a ransomware, amene amatseka mafayilo n'kufuna dipo, amayamba awononga ma backup asanatseke zina.

Kalata yopita kwa makasitomala iyenera kutchula zimene zatengedwa. Ikanena kuti mapasiwedi anali a bcrypt kapena Argon2, muli ndi mpata, koma sinthanibe, pamodzi ndi kwina kulikonse kumene munagwiritsa ntchito yomweyo. Ikatchula nambala ya chiphaso, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni, zimenezo sizisinthika, ndipo yembekezerani mafoni a anthu okutchulani dzina lonse ndi banki yanu molondola, akufuna PIN.

Makampani ena amasankha kubisa. Mu 2016 Uber inabedwa mbiri ya anthu 57 miliyoni, inalipira akubawo madola 100,000 kuti akhale chete, n'kulemba ndalamazo ngati mphoto imene makampani amapatsa anthu owathandiza kupeza mabowo m'mapulogalamu awo. Nkhaniyo inatuluka patatha chaka. Mu 2018 kampaniyo inalipira madera a ku America madola 148 miliyoni, ndipo mu 2022 khoti linapeza Joe Sullivan, yemwe anali mkulu wa zachitetezo pakampanipo, wolakwa pa mlandu wobisa nkhaniyi kwa ofufuza a boma.